Mayi Gwanda, Amene Munkawatcha Opopa Magazi

Malemu Mayi Elube Gwanda, alongo anga, anabadwa pa 9 Malichi 1974 m'boma la Dedza. Sukulu analekezera sitandade 7. Mutu anali nawo, koma bambo athu ankati mtsikana akadziwa kulemba dzina lake, wakwana.

Mu 1996 anakwatiwa ndi Bambo Donald Gwanda, kondakitala wa minibasi, nadzakhala kuno ku Area 23, komwe ankagulitsa tomato pamsika.

Mu 2005, ali oyembekezera, anawapeza ndi kachilombo ka HIV. Musandiyang'ane choncho, anamalira. Ndikudziwa kuti pamaliro timangoti munthu anadwala nthawi yaitali, koma eni ake anandilamula kuti matenda awo ndiwatchule mayina, ndipo sindingawanamize ali gone apa.

Chaka chomwecho analowa m'kafukufuku wa achipatala, wofuna kuona ngati mankhwala angateteze mwana woyamwa bere la mayi wa kachilombo. Ankawatenga magazi pafupipafupi, ndipo nthawi zina galimoto yoyera inkawatula pakhomo. Mphekesera inabuka yoti malemuwa akugulitsa magazi a anthu kwa azungu. Ana ankawakuwa kuti Opopa Magazi. Tomato wawo ankaolera pabenchi. Ena amene munasiya kuwagula muli pompano, ndakuonani, ndipo nyimbo mukuyimba bwino. Amuna awo anakana kukayezetsa, tinawaika mu 2007.

Ine anthu a magalimoto oyerawa sindiwakhulupirira mpaka lero. Koma maso ndili nawo. Mwana amene ankayamwa nthawi imeneyo ndi Thokozire, uyo wakhala pafupi ndi bokosiyo, ndipo kachilombo alibe. Mankhwala amene pamsika ankati ndi a opopa magazi, lero azimayi oyembekezera amakalandira masanasana popanda wowakuwa.

Malemu anakhala zaka zina makumi awiri, ali jijirijijiri pamsika pomwe paja. Katemera wa malungo atafika, iwo ndiwo ankagogoda m'makomo kudzutsa azimayi a makanda kuti apite kusikelo. Atamva pawailesi za jakisoni woteteza ku HIV wongobaya kawiri pachaka, anabwera kwanga wapansi kudzandifunsa ngati ndikadali wamakani.

Mu Januwale chaka chino anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, koma itafalikira kale. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025.

Ali m'chipatala anandiuza kuti khansa imeneyi ili ndi katemera wa atsikana ang'onoang'ono, yemwe ambiri timabisira ana athu poopa kuti sadzabereka. Anapempha kuti mdzukulu wanga Jemima, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndikamubayitse, ndipo ndipite naye ine mwini, osatuma munthu. Ndinawiringula, iwo osandisiya dzanja mpaka ndinavomera.

Malemu asiya ana awiri, Ephraim ndi Thokozire, zidzukulu ziwiri, ndi ife alongo awo atatu. Tikuthokoza amayi a mpingo amene ankawasambitsa, adzukulu okumba manda, Mayi Asiyatu oyandikana nawo benchi amene sanawathawe ngakhale zaka zija, ndi anamwino awiri a kafukufuku uja amene abwera lero ndipo akhala kumbuyoko. Sunthirani kutsogolo, amayi, palibe akukuweni pano.

Achemwali, Lolemba m'mawa ine ndi Jemima tidzakhala pamzere kuchipatala. Usani mumtendere.