Dulanja Akupita ku Mangalande

Pa siteji ya basi mumzinda wa Galle, wailesi ya wogulitsa tiyi itangotchula Dulanja pakati pa anyamata a timu ya dziko opita kukasewera kiriketi ku Mangalande, mkulu wina waimvi anatula kapu yake osaimaliza. Bambo wa tayi pambali pake ankawomba m'manja.

"Mukuwombera chiyani?" anatero mkuluyo. "Dulanja ndi mwana wa dzulodzuloli. Akukamupha."

"Madala, musatiyambe. Mwanayo ali ndi zala. Akaponya, mpira umakhota ngati njoka."

"Umakhota pa fumbi lathu lino. Kuja udzu ndi wonyowa, mpira umangowongoka. Akamumenya mpaka dziko lonse limuseke."

"Ndiye akaphunzirire kuti? Nsanje basi!"

"Anatenganso wina chonchi. Masewero amodzi okha, anamutaya. Lero akunyamula anthu pa tukutuku pamsikapa, ndipo wailesi ikayamba za kiriketi amaitseka."

"Ameneyo anali wofooka! Dulanja mukumudziwa n'komwe inu?"

"Tsitsani mawu, bambo. Wofookayo ndi mwana wanga woyamba."

"Pepani, madala, ine sindimadziwa kuti..."

"Dulanja ndi mng'ono wake. Basi yanga ndi iyo. Ndikukamugulira juzi, akuti kumeneko kumazizira."