Chimene Ndinanyamulira Kompyuta ya Dayilekita

Ine, amene anthu amanditchula Kalipentala Wamkulu, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, wokhala kuseri kwa msika wa matabwa m'nyumba ya chitseko chofiira, ntchito yanga yopala matabwa koma ndinaisiya chifukwa cha maso, ndikunena izi. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Kuwerenga ndimatha, manambala ndimawadziwa. Mulembe monga ndikunenera, musandikonzere.

Kompyuta imene mwasunga m'chipinda cha mbali ichi ndinainyamula ndine, masana, anthu akuona. Mwini wake akuti ndinaba. Ndiyambira pachiyambi.

Mkazi wanga anamwalira chaka chatha. Kalekale, pa ukwati wa mwana wathu wamkazi, mlamu wanga anajambula kanema ndi kamera yake. Kaseti yake ndi yaing'ono ngati bokosi la machesi. Kamerayo inafa, mlamuyo nayenso kulibe. Kanemayo ndinamuonera kamodzi kokha, pa kagalasi ka kamerayo. Chapakati pake pali pamene mlamu anasiya kamera pa mpando wa m'khitchini, n'kuiwala kuzimitsa. Pamenepo pamaoneka mwendo wa tebulo ndi mapazi a mkazi wanga basi. Koma mawu amamveka. Amandikalipira za tayi. Amati: "Inu, madenga a eni ake mumamanga, kansalu aka n'kamene kakukanikeni? Tabwerani kuno. Imani bwino, musandipumire kumaso." Kenako amaseka. Kwina konse m'kasetimo amaoneka chapatali, pakamwa pakuyenda, nyimbo zitaphimba. Kupatula pamenepo, mawu ake sanajambulidwe pena paliponse.

Mwana wanga atandigulira makina oonetsera zimbale, ndinafuna kuti kanemayo asamutsidwire pa chimbale. Anthu anandilozera kwa wojambula maukwati amene amadzitcha Dayilekita. Kachipinda kake kali pakati pa butchala ndi mayi wokonza mafoni.

Ndinapita Lolemba m'mawa. M'kachipindamo mulibe zenera. Patebulo panali mafupa a nkhuku m'pepala, ntchentche zili pomwepo. Pansi panali zimbale zowonongeka, zina zopondedwa. Dayilekita ndi munthu wa zaka ngati makumi atatu. Chala chake chaching'ono chili ndi chikhadabo chachitali. Anatokosa nacho m'khutu, n'kupukutira pa buluku, n'kulandira kaseti ndi dzanja lomwelo.

Ndinamuuza kuti pali pena pamene sipaoneka kanthu, koma nkhani yonse ili pomwepo. Ndinanena kawiri. Foni inali kukhutu. Anayankha kuti: "Zazing'ono izi, madala. Mawa lomweli." Zingwe za masipika ake ndinaziona. Sizilowa m'kompyuta. Zimapita ku wailesi imene imaimba panja kuitana makasitomala.

Lachiwiri ndinapeza atalowetsa kale kanema m'kompyuta. Anati chatsala ndi kubena, ndiko kuti kusamutsira kanemayo pa chimbale. Anandipatsa kireti ya mabotolo kuti ndikhalepo. Anaika chimbale m'kathireyi kamene kamatuluka m'bokosi la kompyuta, n'kudina. Pagalasi panabwera kamzere kobiriwira kamene kamakula pang'onopang'ono, nambala ili pambali. Nambala itafika 63 kamzereko kanaima. Kamuvi ka pagalasi nakonso kanauma gwa. Dayilekita anagwedeza patebulo kambewa koyendetsera kamuviko, osayenda. Anati tidikire. Tinadikira mpaka butchala anamaliza kudula mwendo wonse wa ng'ombe. Kenako anamenya bokosi la kompyuta ndi chikhatho, ndipo kunsi kwake kunatuluka mphemvu ziwiri. Anazula chingwe cha magetsi kukhoma. Atayatsanso anatulutsa chimbale chija, n'kuchiponya pansi pa tebulo. Anati zimbale za masiku ano n'zachabechabe. Anayesa china. Chinaima pa 63.

Lachitatu m'mawa ndinapeza potseka. Mayi wokonza mafoni anati wapita kokajambula. Anabwera masana ndi zimbale za mtundu wina. Anayesa chimodzi, 63. Anati liwiro lachuluka, n'kulichepetsa. Kamzere kanayenda ngati nkhono, koma kanakaima pomwe paja. Anatulutsa kathireyi n'kuuziramo mpweya ndi pakamwa akutafuna mtedza. Timakoko ndinationa tikulowa. Kenako anati ndi vayirasi. Anatsegula pulogalamu yosaka vayirasi, iye n'kumacheza pa foni ndi mkazi wina amene ankamutchula kuti bebi. Pofika nthawi yoweruka pulogalamuyo inati sinapeze kanthu. Iye anati ndiye kuti vayirasiyo ndi wochenjera.

Lachinayi anati kompyuta ikutentha. Anamasula mbali imodzi ya bokosi ndi mpeni wa patebulo. Mkatimo munali fumbi lokhuthala ngati chiguduli, ndi zitosi za makoswe. Anakumba ndi chikhadabo chija. Analozetsamo fani yaikulu, fumbi lonse linabwera kwa ine. Atatero anachotsa pulogalamu yokonzera kanema n'kuilowetsanso kachiwiri. Anapempha kuti ndisayang'ane pagalasi, akuti mwina ndi maso anga. Ndinayang'ana kukhoma. Inaima pa 63.

Pamenepo ndinalankhula. Ndinati: "Mwanawe, sowo ikamakanirira pamalo amodzimodzi, usamanole sowo. M'thabwamo muli mfundo." Anandiyang'ana, n'kumenya patebulo. Anati: "Madala, mwaitha! Bwerani mawa." Mulembe bwino apa. Ine ndinati muli mfundo. Sindinanene kuti adule.

Lachisanu m'mawa ndinamupeza akuimba mluzu. Anati: "Mfundo yanu ija ndaipeza. Yadutsa mpaka handiredi, osatsokomola." Anandipatsa chimbale atachipukuta pa malaya. Ndinapita nacho kunyumba, ndinatseka chitseko, ndinachiika m'makina.

Ukwati unalimo. Anawonjezeramo nkhunda zouluka, mitima yofiira ikugwa ngati mvula, ndi dzina lake likuzungulira pakona. Nyimbo zinali zina, zimene pa ukwatiwo sizinaimbidwe. Akwati atatuluka m'tchalitchi, kanema analumphira ku holo. Khitchini munalibe. Ndinaonera kachiwiri kuyambira poyamba, nditayandikira. Munalibe.

Ndinabwerera masana omwewo. Ndinamufunsa kuti pa khitchini paja pali kuti.

Anati: "Pa mwendo wa tebulo paja? Pamenepo ndi pomwe panali powonongeka, madala. Pulogalamu ikafika apo imatsamwa. Ndadulapo."

Ndinati: "Wadula."

Anati: "Panalibe kanthu. Mdima ndi mapazi a munthu."

Ndinati: "Mapazi a ndani?"

Anati: "Kaya. Ophika mwina."

Ndinamufunsa ngati anamvetsera. Anati: "Kumvetsera chiyani? Ife timayang'ana zithunzi. Phokoso la pa ukwati timachotsa, nyimbo timaikamo zathu. Ndi mmene timagwirira ntchito."

Ndinati andibwezere kaseti yanga. Anaisaka m'kabati, pansi pa masokosi, n'kuipeza. Asanandipatse anakanda m'mutu. Anailowetsa m'kamera yake n'kundionetsa pa kagalasi. Munali ana a sukulu ya mkaka atavala zipewa zamakona anayi, akulandira mapepala. Anati Lachitatu lija makaseti anamuthera, ndiye anajambulira pa yanga. Anati: "Makaseti awa sakupezekanso m'masitolo. Zikalowa m'kompyuta timajambulirapo zina. Aliyense amadziwa." Ine sanandiuze, ndipo sanandipemphe.

Ndinati ndiye atsegule kanema wathunthu uja amene analowetsa m'kompyuta. Anati anafufuta m'mawa womwewo, chifukwa anali wamkulu, amadya malo, ndipo Loweruka ali ndi ukwati wa anthu olemera wofunika malo ambiri. Kenako anati: "Musadandaule, madala. Ndikubenerani chimbale china chaulere, mukhale ndi ziwiri."

Sindinamumenye. Sindinamutukwane. Ndinatuluka.

Mayi wokonza mafoni anamva zonse, chifukwa khoma lawo ndi la pulayi. Anandiitana. Anati: "Bambo, takhalani kaye apa. Zinthu zofufutidwa m'kompyuta sizichokeratu tsiku lomwelo. Zili ngati nyumba imene achotsapo nambala pachitseko, katundu akadali momwemo. Koma akamaiyatsa n'kumalowetsamo zina, alendo amalowa m'nyumba muja, katundu wanu n'kutayidwa. Izimitsidwe lero lomwe." Anati akudziwa munthu m'tauni amene amavuula zoterozo, koma amatsegula Lolemba. Sanandilonjeze kuti zitheka. Anati mwina.

Ndinabwerera kwa Dayilekita. Ndinavula chipewa. Ndinamupempha kuti azimitse kompyuta mpaka Lolemba, tipite nayo limodzi m'tauni. Ndine msinkhu wa bambo ake, koma ndinamutchula kuti achimwene. Anaseka. Anati: "Nditseke ofesi chifukwa cha mapazi?" Anati madzulo omwewo ayamba kulowetsa kanema wa ana a zipewa aja. Atatero anatuluka kukagula chakudya tsidya lina la msewu, chitseko n'kusiya pululu.

Ndinazula chingwe kukhoma monga ndinkamuonera iye akuchitira. Ndinamasula zingwe za kumbuyo. Ndinabwereka wilibala kwa butchala, ndinayalamo jekete langa, ndinaikapo bokosilo. Galasi ndinalisiya. Kamera yake inali patebulo, ndinaisiya. Foni yake ina inali pa chaja, ndinaisiya. Ndinauza butchala ndi mayi wa mafoni kuti akafunsa amuuze kuti ili kwa ine, nyumba ya chitseko chofiira, ndipo Lolemba madzulo aitenga. Muwafunse. Wakuba sasiya adiresi.

Kunyumba ndinalipukuta bokosilo ndi nsalu youma. Ndinaliika pabedi, mbali imene ankagona mkazi wanga, chifukwa pansi pamalowa chinyezi. Sindinaliyatse. Ndilibe ndi galasi lomwe loti n'kulumikizako.

Lero Loweruka m'mawa kunabwera apolisi awiri ndi Dayilekita. Iye ankakuwa kuti wakuba, wakuba, mpaka anansi anatuluka ndi misuwachi kukamwa. Anthu amenewo zitseko zawo ndinapala ndine. Sindinalimbane. Bokosi ndinanyamula ndekha mpaka m'galimoto. Ndinauza wapolisi wamkuluyo kuti chinthu chimodzi chokha ndikupempha, asaliyatse. Anati ndikanene ku ofesi. Pa kauntala ndinanenanso. Wa pa kauntala anati ndikanene popereka umboni. Anamata kapepala pabokosi, n'kulilowetsa m'chipinda cha mbali ichi.

Ndili pa benchi kudikira, ndinamva Dayilekita akuuza wa pa kauntala kuti akwati akumudikira, ndipo akufuna kungoiyatsa pang'ono, aone ngati mdalayu sanaiwononge, alowetsemo tinthu tiwiri titatu. Ndinaona atabwera ndi galasi lake ndi zingwe m'chikwama. Ndinaimirira kuti ndiyankhe, koma ndi pomwe inu munandiitana kuti ndilowe muno.

Kompyuta imeneyo ndakhala pambali pake masiku angapo m'kachipinda ka Dayilekita. Kayakidwe kake ndimakadziwa. Fani yake imayamba ndi kukhosomola ngati nkhalamba, kenako pamalira kabelu kamodzi. Mmene ndimakufotokozerani za Lachinayi, za mfundo ya m'thabwa, ndinamva kukhosomolako kuseri kwa khoma ili. Kabelu kanalira. Ndinaimirira. Inu munati: "Khalani pansi, bambo, timalize kaye." Ndinakhala. Zimenezonso mulembe, ndi mawu anu omwewo.

Tsopano tamaliza. Fani ija ikulirabe, inunso mukuimva. Za mlandu wakuba muchite mmene lamulo likunenera, pogona m'chitokosi sindikukana. Koma wina adzuke, apite m'chipindamo, azule chingwe kukhoma.

Ndi zomwe ndikudziwa ine. Zotsala zili m'bokosilo, ngati zikadalimo.

Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: ______________________

Wolemba umboni: ______________________