Agogo Akana Ulendo wa ku Chilumba

Pa siteji ya Thyolo Boma minibasi ya ku Limbe inkachedwa kudzaza. Mayi wina ankaonetsa chithunzi cha pafoni kwa bambo wothyola tiyi amene anakhala naye pafupi.

"Uyu ndi mwana wanga, namwino. Ali ku Senti Helena, kachilumba ka Angelezi pakati pa nyanja yamchere. Akuti ndipite ndikamulerere khanda, koma ine toto."

"Mukukana ndege, mayi? Kulemera kwake."

"Ndikatani kumeneko? Mapiri okhaokha, uku madzi, uku madzi. Kale ankatayako akaidi. Shuga, sopo, zonse amadikira sitima. Ikachedwa, m'mashopu mumangotsala mashelefu."

"Chisoni. Nanga amalima chiyani?"

"Tikhofi pang'ono, tokamwa azungu kunja. Wolamulanso amachita kutumizidwa kuchokera ku Mangalande. Munthu angakhale malo otero?"

"Zoona, musapite. Inu kwanu n'kuti?"

"Kuseri kwa esitetiku."

"Kumudzi kuja kwa uku tiyi, uku tiyi, munda kukula ngati mphasa? Kumene chimanga mumadikira lole, ikatitimira m'matope ana agone ndi njala? Tiyi wabwino timathyola ife, amakamwa ena kutsidya kwa nyanja, eni ake esiteti sitinawaonepo nkhope."

"Komatu ife tili pa ufulu, bambo."

"Eya, mbendera ndi yathu. Khalani, mayi. Mdzukuluyo akakula adzabwera yekha kudzaona chilumba chanu. Mudzangomuuziratu kuti nyanja yakuno ndi ya tiyi, ilibe nsomba."