Uta Umene Ndinathyola ku Lirangwe

Chaka chimene ndinasiya ntchito yotchetcha udzu ku bwalo la ndege ku Chileka, ndicho chaka chimene ndinakalowa ukamwini ku Lirangwe, kwao kwa agogo anu aakazi. Senderani kuno, mawu anga safikanso patali masiku ano. Phiri lija mumaliona lili mbee chifukwa cha makala, nthawi imeneyo linali nkhalango yoti munthu wolowamo saoneka, ndipo anyani ankatsika dzuwa lili pamutu kudzathyola chimanga ngati analima ndi iwo. Mkazi akawakuwiza ankangomuyang'ana akutafuna, koma akaona mwamuna wanyamula uta ankathawa asanafike n'komwe.

Apongozi anga aamuna, a Mukhova, anabwera ali mwana kuchokera ku Mozambiki atabelekedwa kumbuyo, ndipo luso losema uta analitenga kwa bambo awo. Koma pamene ine ndinkafika, maso awo anali atachita khungu, uta wawo wakale utafumbwa, ndipo pakhomopo mwamuna wamphamvu ndinali ine ndekha. Agogo anu anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Chimanga chinali chitangoyamba kumasula.

Tsiku lina a Mukhova anandituma kutsitsa mtengo wa tenza wosemera uta umene anausunga kudenga chaka chathunthu kuti uume. Unali umodzi wokha. Anandiuza kuti zala zawo zidzakhala maso, ine ndidzakhala manja. Ndinayamba ndi kasemasema, kuchepetsa nsonga zonse ziwiri, pakati kusiya ponenepa pogwira. Zimenezo zinatha masiku awiri, ndipo ndinkaganiza kuti ntchito yatha, osadziwa kuti ndi pamene ikuyamba. Uta, ana inu, suvuta kusema, umavuta kuulinganiza kuti mbali zonse ziwiri zizipinda mofanana. Umapala pang'ono ndi mpeni kumimba kwake, n'kuuponda ndi bondo, n'kuona mbali imene ikukana. Kumsana kwake sukhudzako. A Mukhova ankauyendetsa zala kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, n'kuloza pamalo pang'ono ngati chikhadabo, amvekere ndipale apa kasanu basi. Ndikapala kasanu, ankati tiusiye ugone.

Inu lero mukafuna chinthu mumakwera kabaza, mwafika pa Lirangwe, mwagula. Ine mtima wanga unalinso wotero. Ndinali nditazolowera belu la kuntchito, ndipo tsiku lililonse ndikapita kumunda ndinkapeza mapesi ena atagwa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi apongozi anapita kumaliro kutsidya atatsogozedwa ndi akazi awo, ndipo ine ndinatenga mpeni n'kupala mbali yokanayo mpaka ndinakhutira. Ndinamanga nsinga ya chikopa, ndinakoka. Unalira kamodzi, n'kuthyoka pamwamba pa dzanja langa, chidutswa chinandicheka apa pachipumi, chipsera chake ndi ichi.

Atabwera ndinawapatsa zidutswazo m'manja. Anazisisita nthawi yaitali, chala chawo n'kuima pamene ndinapala mopitiriza. Ndinkayembekezera mawu owawa, poti mkamwini salakwa kawiri. Iwo anangoti, "Akamwini, mtengo mukauchotsa mnofu subwereranso. Mawa mukadule wina, koma dziwani kuti umenewo ndi wa chaka chamawa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndodo. Ndinayesa kunyamula chidutswa chija kumunda kuti anyani aziyesa uta, ndipo anapusitsika masiku atatu okha. Kuyambira pamenepo inali ntchito yoimba zitini ndi kugenda miyala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine uku, agogo anu uko ndi mimba yawo, miyendo itatupa. Tinakolola chimanga chosafika theka la nkhokwe. Mwana anabadwa, amene ndi atsibweni anu aakulu aja, ndipo pofika miyezi ya mvula tinali tikudya kamodzi patsiku, ine ndikuyenda wapansi mpaka ku Chileka kukafuna ganyu. Agogo anu sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi, koma ndinkawaona akumwa madzi kuti mkaka utuluke, ndipo ndinkadziwa mpeni umene unachita zimenezo.

Mtengo wachiwiri utauma, tinayambiranso. Nthawi iyi a Mukhova anali atafooka, ankakhala chotsamira khoma. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha, ana inu, milungu itatu. Akati kasanu, ndinkapala kanayi n'kuwapatsa ayese. Pomaliza tinaupaka mafuta a nsatsi, ndinaukunga, koma iwo analibe mphamvu yokoka. Anandiuza ndigwade pafupi nawo ndiukoke pang'onopang'ono pakhutu pawo. Ndinakoka mpaka nsinga inafika patsaya, iwo ali chete kumvetsera.

"Utawu sukudandaula," anatero. "Pitani nawo kumunda."

Chaka chimenecho ndinalasa nyani mmodzi yekha, enawo sanatsikenso, ndipo nkhokwe inadzaza. A Mukhova analawa chimanga chachiwisi, koma chouma sanachione. Tinawaika mapesi asanaume.

Lero kulibe anyani, kulibe tenza, ndipo manja angawa sangathenso kugwira mpeni osaugwetsa. Sindikuti muphunzire kusema uta, mungalase nawo chiyani? Ndikungoti, mukadzakhala ndi kanthu kamodzi kokha m'manja, kaya ndi munda, kaya ndi banja, ndipo mtima ukukuuzani kuti mumalize lero lomwe, ikani pansi, mukamwe madzi, mudzakaonenso mawa. Ine ndatopa tsopano. Mmodzi wa inu andigwire dzanja, ndilowe m'nyumba.