Seva Inamva Kale

Lolemba m'mawa pa siteji ya basi ku Mtendere, mayi wina anaona bambo wa chikwama cha laputopu kumsana, nasendera pafupi.

"Pepani ba ankolo, musebenza va makompyuta?"

"Ee, mu maofesi."

"Yanga kunchito inanikana pa Chisanu. Nayesa ya munzanga, nayo yakana. Yaonongeka yonse?"

"Iyayi, mami. Kompyuta ili monga mlonda wa pageti, siikudziwani. Mukalemba dzina na pasiwedi, ifunsa seva, kompyuta ikulu yosunga maina ya anchito onse. Seva ikavomera, ikupatsani tikiti yotsegulira imelo, pulinta, vonse."

"Manje seva inikanira chani? Ni kale inidziwa."

"Inati pasiwedi mwalakwitsa?"

"Iyayi, inalemba ati 'disabled'."

"Mukalakwitsa kambiri imakhoma yeka, pambuyo itsegula. Koma iyo ya 'disabled', ni munthu amatseka dzina lanu na manja."

"Munthu uti?"

"Wa makompyuta monga ine, akauzidwa na bakulu."

Mayiyo anayang'ana basi ya m'tauni ikudzaza, osakwera.

"Ba manejala banati nibwere lelo tikambeko pang'ono. Kanshi seva banaiuza kale kuti nchito yanga yasila. Ine ndiye wothera kumva."