Penti pa Khoma la Mkazi Wanga

Ine, amene kuntchito amanditcha Sipanala, wa zaka 38, makaniko wa njinga zamoto, wokhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa yunivesite, ndikupereka umboni kuno kupolisi pa nkhani ya mkazi wanga, amene mwamukhazika pabenchi panjapo.

Mkazi wanga akuchita digiri yachiwiri. Chaka chatha mutu unkamuwawa tsiku ndi tsiku, tulo osabwera, mpaka aphunzitsi ake anamulangiza kuti azilemba ndondomeko ya nthawi yake. Anagula kabuku, koma kanamuchepera. Ndiye anatenga rula ndi zolembera zamitundu n'kujambula mabokosi pakhoma la pabalaza, kuyambira pawindo mpaka pachitseko, tsiku lililonse bokosi lake. Ofiira ndi a zokapereka kusukulu, abuluu owerenga, obiriwira opuma. Inenso ndinali ndi bokosi langa Lamlungu masana: "kucheza ndi bambo a mwana." Ndikayambitsa nkhani Lachiwiri ankangondilozera khoma. Ndinkang'ung'udza, koma mutu unasiya kumuwawa.

Mawa m'mawa akuyenera kukaima pamaso pa aphunzitsi kuteteza kafukufuku wake. Akapanda kufika, adikira chaka china.

Mayi anga anabwera Lolemba kudzatithandiza kulera mwana. Ataona khomalo anati, "Nyumba yolembalemba ngati chimbudzi cha pasukulu! Odzayamikira digiriyo akadzabwera, nkhope tidzaiika pati?" Ine ndinaseka, ndinkayesa nthabwala.

Lero mkazi wanga analawirira ku laibulale, ine kugalaja. Cha m'ma 12 koloko ndinabwerera kudzadya. Ndili pageti ndinamva fungo la penti. Ndinapeza bambo wopenta akutsika pamakwerero, mayi atakhala pampando akumulozera pomwe patsala. Khoma linali loyera mbee. Wopentayo anamuitana ndi mayi, ati mphatso ya mpongozi wawo.

Ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga analowa, chikwama chili paphewa. Anapita pakhoma n'kuyamba kupukuta ndi dzanja, kenako ndi mpango wakumutu. Penti inangomatika, zolemba osaoneka. Wopenta anati, "Mayi, musagwire, sinaume." Apa ndi pamene mkazi wanga ananyamula chidebe cha penti n'kumukhuthulira wopentayo, ali ngati mita imodzi kuchokera pomwe iye anaima. Sanamumenye. Penti inamulowa m'diso lakumanzere ndi m'foni.

Ndinamutsuka kumaso pampopi n'kumukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Anamuthira mankhwala ndipo akuona. Kuchoka uko wabwera kuno kudzadandaula. Sindikumuda, munthu anangotumidwa, ndipo foni yake ndimugulira.

Apolisi atabwera kudzatenga mkazi wanga, mayi tinawasiya akupala khoma ndi mpeni wakukhitchini, akulira. Bwana amene akulembayu wandiuza kale kawiri kuti ndisiye kugwedeza tebulo ndi bondo.

Tili pabenchi paja mkazi wanga anandifunsa, "Lero ndi lachingati?" Chiyambire sukuluyi sanandifunsepo funso limeneli. Ndinati Lachinayi. Anayang'ana manja ake oyera penti n'kufunsanso, "Pano ndimayenera kutani?"

Khoma lija ndadya moliyang'ana chaka chathunthu, kulidandaula ndithu koma kuliwerenga. Ndinamuuza kuti bokosi la lero madzulo linali lobiriwira, la mawa lofiira, 9 koloko, chipinda chapamwamba. Anatsamira khoma lanu n'kutseka maso.

Lobiriwiralo akulichita panopa pabenchi panu. Lofiiralo lili m'manja mwanu, bwana. Musamugoneke muno. Akangotuluka m'chipinda chija mawa, ndimubweretsa ndekha panjinga.

Zomwe ndaona ndi kuzidziwa ndi zimenezi.

Wopereka umboni: ____________________

Wolemba umboni: ____________________