Musalize Galimoto: Moyo wa Bambo Lamont Tillery

Malemu Bambo Lamont Cleophus Tillery, amene ambiri munkawadziwa ndi dzina loimbira loti Hoot, anabadwa pa 14 Malichi 1973 kuno ku Memphis, m'dera lathu la Orange Mound. Anali mzime m'banja la ana atatu la Bambo Otis ndi Mayi Ernestine Tillery, omwe onse awiri anatsogola kale. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Verlene, mlongo wawo wamkulu. Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi, komanso inu anyamata mwaima kumbuyoko, ndikupempha kuti mumve mpaka kumapeto.

Malemu anali munthu wamantha kuyambira ali mwana. Ndikunena izi pamaso pa bokosi lawo, ndipo akanakhala kuti akumva sakanatsutsa. Ankaopa agalu, ankaopa mabingu. M'chaka cha 1982 anaona mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe akuwomberedwa pakhonde dzuwa likuswa mtengo. Kuchokera tsiku limenelo, mfuti ikalira mumsewu iwo ankathamangira kukagona m'bafa lathu, chibeseni chachikulu chachitsulo chosambiramo, poti amayi anatiphunzitsa kuti chipolopolo chimabowola khoma koma bafa chimalilephera.

Sukulu anayamba mu 1979 ndipo anamaliza sekondale mu 1991. M'kalasi sanali otsogola, tisanamizane, koma m'gulu la zoimbaimba la pasukulu ankaimba ng'oma moti makolo ankaimirira. Amayi ankawaseka kuti, “Iwe Lamont, galu umamuthawa, koma ng'omayo ukuyimenya ngati yakudyera chakudya.”

Mu 1992 anayamba ntchito yoika mawailesi ndi zokuzira mawu m'magalimoto. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi anyamata oimba rapu. Anagula kamakina kakale kotulutsa mawu a ng'oma, n'kuyamba kujambula nyimbo pamakaseti m'nyumba mwa amayi. Makasetiwo ankagulitsira kumbuyo kwa galimoto ndi m'malo ometera tsitsi, ndipo anthu ankakoperana mpaka mawu ankamveka ngati akuchokera pansi pa nthaka. Achikulirenu mukukumbukira mmene zinkamvekera: ng'oma yolemera yogunda pachifuwa, kabelu kolira pang'onopang'ono ngati ka maliro, ndi mawu a malemu otsika, osafulumira. Mawailesi a m'mizinda ikuluikulu ya kumpoto sankadziwa n'komwe kuti kuli Orange Mound. Malemu ankatchula misewu yathu m'kalankhulidwe kathu komweka, ndipo ankanena poyera zimene tonsefe tinkazionera pazenera n'kukhala chete. Anthu anawakonda chifukwa cha chimenecho. Munthu ukamva mantha ako akuimbidwa ndi mnzako, mtima umakhalako pansi.

Mu 1995 anajambula nyimbo imene nonse mukuidziwa, ija imati, “Ndikadzagwa musalire, lizani galimoto.” Mawuwo akatha mfuti imalira, ndipo palibe mwana wa dera lino amene sadziwa tanthauzo lake: mnzanu akaphedwa, kwerani galimoto mukabwezere. Banja landituma kuti lero ndinene chimene malemu ankachita nacho manyazi kunena pagulu. Bambo Lamont sanagwirepo mfuti moyo wawo wonse. Imene imalira m'nyimbomo si mfuti. Linali thabwa la bedi, ndipo ankalimenyetsa m'mbali mwa bafa lomwe lija ankabisalamo. Ine ndinalipo, ndine amene ndinawagwirira maikolofoni. Mukatchera khutu bwino, pambuyo pake pamamveka mawu a mzimayi chapatali, ndipo ndamva anthu akunena kuti ndi mayi wolira mwana wake. Amenewo ndi amayi athu, akukalipa ali kukhitchini kuti, “Ukandiswera bafalo uzikasamba ku mtsinje wa Mississippi!”

Tsiku limenelo tinaseka mpaka misozi. Sitinadziwe kuti tatulutsa chinthu chimene sitidzatha kuchibweza. Nyimboyo inayamba kulizidwa pamaliro a anyamata ophedwa. Mu 1997 inalizidwa pamaliro a mnzawo wa kusukulu, Marquis Pettigrew, ndipo anthu asanabalalike kumanda magalimoto ananyamuka. Mwezi usanathe tinaika anyamata ena awiri. Malemu anapita kumaliro onsewo n'kukaima kumbuyo, chipewa chitaphimba nkhope, ndipo atabwerako anadwala osadya kanthu. Nyimboyo sanaiimbenso pena paliponse, ngakhale anthu ankawakuwiza kuti aiimbe.

Pa 20 Juni 1998 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Shavonne Boyd m'tchalitchi muno, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Latrice ndi Kendarius. Mu 1999 anasiyiratu zojambula nyimbo n'kuyamba ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu m'nyumba zosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Anagwira ntchito imeneyo mokhulupirika zaka zoposa makumi awiri. Lamlungu ankaimba ng'oma m'kwaya, pakona paja pali maluwapo. Ana awo anawalera molimba, ndipo ngakhale mfuti ya chidole sinkaloledwa pakhomo pawo.

Cha m'ma 2016 makaseti akale aja anatulukira pa intaneti. Achinyamata a ku Japan, ku Brazil ndi ku Russia, osadziwa ndi komwe kuli Memphis, anayamba kutenga ng'oma ndi mawu a malemu n'kupangira nyimbo zawo. Malemu ananyadira, sindingabise, ndipo foni ankaionetsa kwa aliyense wobwera kunyumba. Koma ankapukusanso mutu n'kunena kuti, “Achemwali, ana awa akuvina mantha anga.” Kutchukako kunabwerera mpaka mumsewu mwathu muno. Anyamata obadwa nyimboyo itatuluka kale anayamba kuwapatsa moni wa chigandanga, powayesa chilombo cha m'kaseti chija.

Pa 9 Seputembala 2023, masana, malemu anaima pamalo omwetsera mafuta kuti agule buledi. Mnyamata wina anawazindikira n'kuwatsekera njira. Amene analipo akuti mnyamatayo anawauza kuti, “Si inu mdala wa mfuti uja? Tulutsani tione.” Malemu anakweza manja, buledi ali m'manja momwemo, n'kuyankha kuti, “Mwana wanga, ine ndilibe kanthu.” Mnyamatayo anawawombera pamimba n'kuthawa.

Madokotala anayesetsa. Anawachita opaleshoni kangapo, ndipo malemu anatuluka m'chipatala n'kukhala kunyumba pa njinga ya olumala, Mayi Shavonne akuwasamalira usana ndi usiku. Koma bala la m'kati silinapole, ndipo kenako impso zinasiya kugwira ntchito. Anagonekedwanso m'chipatala mu Januwale chaka chino, ndipo anatisiya Lamlungu pa 2 Febuluwale 2025 ali ndi zaka 51.

M'masiku awo omaliza imfa sankaiopa. Munthu amene anaopa agalu ndi mabingu moyo wake wonse anaiyang'ana imfa osaphethira. Chimene ankaopa ndi nyimbo yawo ija. Anagwira dzanja la mwana wawo Kendarius ine ndili pomwepo, n'kumuuza kuti, “Kenda, nyimbo ija ndi bodza, wamva? Linali thabwa chabe. Ndikapita undilire, usachite manyazi.” Kendarius anayankha kuti, “Ndamva, adadi,” koma maso ake anali kukhoma.

Abale anga, amene anawombera malemu sanamangidwe mpaka lero. Mumsewu mukutchulidwa dzina, ikutchulidwanso nyumba, ndipo m'nyumba imeneyo muli mayi ndi ana aang'ono. Chimwalirireni malemu, magalimoto akhala akudutsa pakhomo pa Mayi Shavonne pang'onopang'ono, nyimbo ija ikugwedeza mazenera. Mmawa uno polowa m'tchalitchi ndaona magalimoto pabwalopo, ena injini zawo sizinazimitsidwe, ndipo ndikuwerenga pano ndikuzimva kuseri kwa khomali. Ndili ndi mantha. Ndaikapo makolo, lero ndikuika mlongo wanga wamng'ono, ndipo mphamvu zoimiriranso pano mwezi wamawa ndilibe. Inu anyamata, ngati malemu munkawakondadi, tumani mmodzi akazimitse injinizo. Nyimbo zawo zisungeni, muziwaliziranso ana anu, koma muziwauza kuti amene anaziimba anali munthu woopa, wofuna kuti mawa lake adzuke ali moyo ngati wina aliyense.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi kwaya yonse, amayi a mpingo amene akhala akuphika pasiwa, anzawo a kuntchito amene anyamula bokosi, ndi onse a m'mayiko akutali amene atumiza mawu a chipepeso. Tikachoka kumanda, chakudya chakonzedwa m'holo ya tchalitchi, ndipo nonse mukuyembekezeka kumeneko, osati kwina.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Shavonne Tillery, alongo awo awiri, Mayi Odessa ndi ine, ndi mwana wawo wamkazi Latrice. Asiya mdzukulu mmodzi, Amari, mwana wa Kendarius, amene wangoyamba kumene kuyenda. Asiyanso mwana wawo wamwamuna, Kendarius. Dzina limeneli ndaliwerenga pakati pa amoyo, ndipo ndikufuna likhale pomwepo.

Bambo Lamont Tillery, munakhala moyo wonse mukuopa, tsopano pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Kendarius, mwana wanga, ndiyang'ane. Popita kumanda ukwera galimoto ya amayi ako, ndipo Amari umunyamula ndiwe.